KODI N'CIFUKWA CIANI ANCHITO ENA SAPITA KU CHUTHI?

Mlimi sapempha chuthi kwa munthu ali yense. Cimanga cikalowa m'nkhokwe, fodya atapita ku msika, iye amapacika khasu lace pa tsindwi nayamba kuyendera abale, kuumba njerwa, kapena kungokhala pa khonde ndi kusoka mphasa. Mvula ndiyo imamuitana ku nchito, ndipo cilimwe ndico cimammasula. Koma munthu wolembedwa nchito sali comweco ai. Nchito ya m'ofesi, ya m'sitolo, ya m'cipatala kapena ya ulonda iribe nyengo yokolola; m'mene iliri mwezi wa January ndi m'menenso idzakhalire mwezi wa December. Cifukwa ca ici maboma a maiko ambiri anaika lamulo lakuti wanchito ali yense azipatsidwa masiku opumula caka ndi caka, malipiro ace osadulidwa ngakhale kobiri limodzi. Masiku amenewa ndiwo achedwa chuthi colipidwa, kapena livi monga anenera anthu a m'tauni.

Wa kumudzi akamva zotere angayese kuti palibe munthu amene angakane mwai umenewu. Kukhala kwao, kudya nsima yophika mai ace, ndalama ziri kubwerabe pa kutha kwa mwezi! Koma codabwitsa n'cakuti anchito ambirimbiri pa dziko lapansi amafika kumapeto a caka masiku ao a chuthi ali mulu osakhudzidwa, ndipo ena a masikuwo amaola monga maungu osiyidwa m'munda. Palibe anawalanda, eni ace anangowasiya. Dziko limene nkhani imeneyi ioneka poyera koposa ndi Japan, pakuti Boma la kumeneko limawerenga caka ndi caka masiku amene anchito anapatsidwa ndi amene anatengadi.

LAMULOLI SI LAKALE KWAMBIRI

Kale chuthi colipidwa cinali ca mabwana, akalaliki akulu ndi anchito a Boma. Wanchito wa m'fakitale kapena wa m'mgodi akafuna kupumula, tsiku limenelo linali lopanda malipiro. M'caka ca 1936 Boma la France, lotsogozedwa ndi Léon Blum, linaika lamulo lopatsa anchito onse milungu iwiri yolipidwa, ndipo caka cimeneco anthu ambiri osauka anakwera sitima nakaona nyanja yamcere kwa nthawi yoyamba. Caka comweco bungwe la maiko loona za anchito, la ILO, limene likulu lace liri ku Geneva, linapangana kuti wanchito asalandire masiku ocepera 6 pa caka. Dziko la Britain linatsatira ndi lamulo lace mu 1938. Mu 1970 bungwe lija linakweza muyeso kufikira milungu itatu, ndipo ku France masikuwo anacuruka pang'onopang'ono mpaka anafika milungu isanu mu 1982. Anchito a kale anabvutikira masiku amenewa ndi masitalaka ndi mikangano ya zaka zambiri.

ZIMENE LAMULO LA KU JAPAN LINENA

Dziko la Japan, kumene kucokera magalimoto a Toyota ndi Nissan amene adzaza m'miseu ya dziko lino, linaika lamulo lace la anchito mu 1947, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itangotha. Monga lamuloli liri lero, munthu akagwira nchito miyezi 6 pa kampani imodzi, ndipo ngati anafika ku nchito masiku 8 pa masiku 10 ali onse, ayenera kupatsidwa masiku 10 a chuthi colipidwa. Masikuwo amaonjezeka caka ndi caka, 11, 12, 14, 16, 18, kufikira 20 munthuyo atatha zaka 6 ndi theka. Masiku amene sanatengedwe amasungidwa caka cotsatira, koma zikatha zaka ziwiri amafa. Kampani siiloledwa kuuza wanchito kuti alandire ndalama m'malo mwa masiku amene lamulo lampatsa, pakuti zikadaloledwa, osauka onse akadagulitsa mpumulo wao.

Lamulo n'labwino ndithu, koma ziwerengero za Boma zinena zina. Kuyambira 2000 mpaka 2016 masiku amene anchito anatenga sanafike ndi theka lomwe la masiku amene anapatsidwa. Mu 2018 wanchito wa pakatikati anapatsidwa masiku 18 natenga 9 ndi kacidutswa. Mphunzitsi angathe kupatsa ana a sukulu samu iyi: munthu wosiya masiku 9 caka ciri conse kwa zaka 30 wataya masiku 270, ndiko kuti wagwirira kampani caka cathunthu ca nchito cimene akadayenera kukhala ali kwao.

KUSUNGIRA MATENDA

Bungwe la Boma la Japan lofufuza za anchito linafunsa anthuwo cifukwa cace acita comweco, ndipo yankho limene linaposa onse linali lakuti amasunga masikuwo kuopa matenda ndi zogwa mwadzidzidzi. Pano pali cifukwa ceniceni. Ku Japan lamulo silikakamiza kampani kulipira munthu tsiku limene wagona ndi cimfine kapena m'mimba. Makampani ena amalipira mwa kufuna kwao, koma ambiri ai. Thandizo la inshuwalansi limayamba pa tsiku lacinai la kudwala, ndipo limapereka monga magawo awiri pa magawo atatu a malipiro. Tsono munthu wodwala masiku awiri amadula masikuwo pa chuthi cace kuti malipiro asacepe.

Motero chuthi cimasanduka nkhokwe ya njala. Munthu sacikhudza mu May kuopa kuti adzadwala mu November. November akafika ali bwino, aopanso February, mwezi wa kuzizira ndi cimfine kumeneko. Makolo a ana aang'ono ndiwo amasunga koposa, popeza mwana akangotentha thupi a ku sukulu ya mkaka amaitana kholo kuti lidzamtenge. Zaka ziwiri zikatha matenda osabwera, masiku aja amafa osadyedwa. Akulu anati fodya ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

KUOPA KULEMETSA ANZAO

Cifukwa caciwiri ndico cozama, ndipo ciri ndi dzina lace m'cinenero cao: meiwaku, ndiko kuti kubvutitsa anthu ena kapena kuwasenzetsa katundu wosakhala wao. Mwana wa ku Japan amaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kuti asacititse meiwaku, m'sitima, m'sukulu, ngakhale pakati pa anansi.

M'maofesi ambiri a kumeneko matebulo a anchito amalumikizidwa pamodzi, anthu kuyang'anizana, ndipo mkulu wa gulu amakhala kumutu kwa matebulowo monga tate pa cakudya. Nchito siipatsidwa kweni kweni kwa munthu mmodzi, koma kwa gulu lonselo. Wina akasowa, palibe munthu wapadera wosungidwira kulowa m'malo mwace. Makalata ace ndi lamya zace zimagwera amene akhala kumanja ndi kumanzere kwace, ndipo iwowo adzaweruka usiku cifukwa ca iye. Onse aona mpando uli wopanda munthu. Cifukwa cace wopita ku chuthi amayamba ndi kupepesa asanapite, ndipo pobwera amanyamula bokosi la zonona za kumene anapitako, zimene azicha omiyage, nagawira ali yense pa tebulo lace, ndi kupepesanso. Munthu amene ayenera kupepesa kawiri cifukwa ca masiku atatu sadzapempha milungu iwiri.

Anthu a m'midzi sangadabwe nazo zimenezi. Pa dima, munthu wosiya khasu ndi kukakhala pamthunzi anzace ali kulima, ngakhale mwini munda atamlola, mowa sungamkomere madzulo. Mtima umenewu ngwabwino, ndipo ndi umene umanga mudzi. Kusiyana kwace n'kwakuti dima limatha tsiku limodzi, ndipo mawa anzako aja adzalima kwako. Dima la kampani silitha, ndipo munda ngwa mwini kampani. Manyazi a anchito amapulumutsa kampani kuti isalembe munthu wina woonjezera, ndipo ndalama imene ikadalipira munthuyo imakhala phindu. Apa mpamene ambiri amanamizika: amayesa kuti mlandu uli pakati pa iwo ndi anzao, pamene muzu wace ndi wakuti anthu alembedwa ocepa.

Umboni wakuti anthu a ku Japan sadana ndi mpumulo ulipo. Dziko lao liri ndi maholide a Boma 16 pa caka, ocuruka kuposa a maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo lina, tsiku lokumbukira mapiri, linaonjezedwa mu 2016. Kumapeto a April ndi kuciyambi ca May maholide angapo amatsatana, nyengo imene aicha Golden Week. Pakati pa August pali Obon, pamene anthu amabwerera ku midzi ya makolo ao kukasesa manda ndi kukumbukira akufa, ndipo makampani ambiri amatseka ngakhale si holide ya Boma. Pa Caka Catsopano ndi comweconso. M'nyengo zimenezi sitima zimadzaza mpaka anthu kuimirira, miseu imatsekeka ndi magalimoto, mitengo ya mahotela imakwera, koma anthu amapita mokondwa. Cimene aopa ndi kupumula pa yekha anzace ali pa nchito. Onse akaweruka pamodzi palibe wopepesa kwa mnzace.

MASO A BWANA

Ena anayankha kuti nchito njocuruka, kotero kuti wopita ku chuthi amapeza mulu uli kumdikira, ndipo mlungu wotsatira umakhala wowawa kuposa akadapanda kupita. Ena anachula bwana. Ku Japan anthu ambiri amalowa kampani mwezi wa April atangotsiriza maphunziro, nakhala momwemo kufikira ukalamba. Kukwezedwa pa nchito, ndiponso bonasi imene imaperekedwa kawiri pa caka, zimatsata m'mene bwana amuonera munthu. Lamulo likuti wanchito sayenera kupereka cifukwa pofuna chuthi, ndipo bwana sangamkanize. Cimene angathe ndi kusuntha tsiku ngati nchito ingaime kweni kweni. Koma lamulo silingalowe m'mtima mwa bwana pa tsiku lolemba za khalidwe la anyamata ace. Ndipo ngati bwanayo sanapiteko ku chuthi zaka zisanu, ndani wamng'ono amene adzaimirira pamaso pace ndi kalata yopempha milungu iwiri?

Pali cizolowezi cina cimene ciulula zonse. Munthu akapereka kalata yosiya nchito, kawirikawiri amatenga masiku ace onse osungidwa nthawi imodzi, ena mpaka 40, nasowa mwezi wathunthu ndi kupitirira tsiku losiya lisanafike. Munthu yemweyo amene analephera kupempha masiku atatu kwa zaka 10 amapeza mtima wotenga onse tsiku limene maso a bwana ndi a anzace aleka kumuopsa.

MTENGO WACE

Kusapumula kuli ndi mtengo, ndipo a ku Japan anaupatsa dzina lakuti karoshi, imfa yobwera ndi kugwira nchito kopitirira. Boma limaika malire pa maora 80 oonjezera pa mwezi. Munthu wopyola pamenepo akafa ndi mtima kapena kuphulika kwa mtsempha wa m'mutu, imfayo ingathe kuweruzidwa kuti njocokera ku nchito.

Miwa Sado anali mtolankhani wa nyumba ya wailesi ya NHK. Anamwalira ndi nthenda ya mtima mu July 2013 ali ndi zaka 31, atatha kutola nkhani za masankho. Ofufuza a Boma anapeza kuti m'mwezi wace womariza anagwira maora 159 oonjezera, napumula masiku awiri okha. Nkhani yace inaululidwa poyera mu 2017. Matsuri Takahashi, wa zaka 24, wa pa kampani yaikulu yolengeza malonda ya Dentsu, anadzipha pa tsiku la Khrisimasi mu 2015 atagwira maora oposa 100 oonjezera pa mwezi. Mai ace sanakhale cete, ndipo mlanduwo unagwedeza dziko lonse. Mkulu wa kampaniyo anatula pansi udindo, ndipo mu 2017 bwalo la milandu la ku Tokyo linalipiritsa kampaniyo 500,000 yen, ndalama imene anthu ambiri anaiona yocepa kwambiri poyerekeza ndi moyo wa munthu.

Aphunzitsi a kumeneko nawo sanapulumuke. Pa kafukufuku wa maiko ambiri wa mu 2018, aphunzitsi a sekondale a ku Japan anapezeka akugwira maora 56 pa mlungu, kuposa a maiko ena onse amene anawerengedwa, kwakukulu cifukwa ca kuyang'anira masewera Loweruka ndi Lamulungu ndi kulemba za mu ofesi. Ndipo bvutoli si la Japan yekha. Mu 2021 bungwe la umoyo la WHO pamodzi ndi ILO analengeza kuti mu 2016 anthu 745,000 pa dziko lonse anafa ndi nthenda za mtima ndi za mitsempha ya m'mutu kaamba ka kugwira nchito maora 55 kapena kuposa pa mlungu.

BOMA LITEMBENUZA MLANDU

Boma la Japan linayesa kunyengerera poyamba. Mu February 2017 linayambitsa mwambo wakuti Lacisanu lomariza la mwezi anthu aziweruka 3 koloko masana, koma ocepa okha anatsata, pakuti kumapeto a mwezi ndi pamene akalaliki atseka mabuku. Kenaka mu 2018, Shinzo Abe ali nduna yaikulu, Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo latsopano limene linayamba kugwira nchito mu April 2019. Lamuloli likuti wanchito ali yense wolandira masiku 10 kapena kuposa ayenera kutenga masiku osacepera 5 pa caka, ndipo udindo woonetsetsa kuti watero uli pa kampani. Ngati munthuyo sapempha, bwana ayenera kumfunsa masiku amene afuna ndi kumuikira. Kampani yolephera ingathe kulipitsidwa mpaka 300,000 yen pa wanchito mmodzi ali yense.

Nzeru ya lamuloli iri pa kutembenuza amene apempha. Kale wanchito ndiye anali kupita kwa bwana mutu uli pansi. Tsopano bwana ndiye amabwera kwa wanchito, ndipo wopita ku chuthi angathe kunena kuti wathandiza kampani kupewa cindapusa. Zipatso zinaoneka. Mu 2023 wanchito wa pakatikati anapatsidwa masiku ngati 17 natenga 11, ndiko kuti masiku 65 pa 100 ali onse, pamene mu 2018 anali 52. Anchito a m'mahotela ndi m'nyumba zodyera ndiwo anatsalira m'mbuyo, popeza kumeneko anthu ndi ocepa ndipo zitseko sizitsekedwa. Ocenjera sanasowe: makampani ena anatenga masiku amene anali kutseka kale, monga a Obon, nawalemba kuti ndi chuthi ca anchito, kuti akwaniritse masiku 5 aja popanda kupereka kanthu katsopano, ndipo Unduna woona za anchito unadzudzula macitidwe otere.

Maiko a ku Ulaya anazindikira zimenezi kale. M'maiko a European Union wanchito ali yense ali ndi milungu inai, imene siigulidwa ndi ndalama pokhapokha nchito ikatha. Mu November 2018 bwalo lao lalikulu linaweruza kuti masiku a munthu sangafe cifukwa cokha cakuti sanapemphe. Wolemba nchito ayenera kuonetsa kuti anamuuza momveka kuti apite, ndi kumcenjeza kuti akapanda kutero masikuwo adzatayika. Ku France makampani ambiri amangotseka m'mwezi wa August, bwana ndi mesenjala kupita limodzi.

KU AMERICA, NDI CIFUKWA CINA COBISIKA

Ku United States zinthu ziri mwina. Dziko lolemera cotero liribe lamulo la dziko lonse lokakamiza kampani kupereka ngakhale tsiku limodzi la chuthi colipidwa. Cimene munthu alandira ndi cimene anapangana ndi womlemba. Komabe mu 2023 bungwe la Pew Research Center linapeza kuti pa anchito 100 amene amapatsidwa chuthi, 46 amatenga masiku ocepera amene anapatsidwa. Theka la iwo anati saona kufunika kwace kopumula koposa pamenepo. Ena pafupifupi theka anaopa kutsalira m'mbuyo pa nchito, ndipo 43 pa 100 anati amamvera cisoni anzao amene angasenze katundu wao. Meiwaku ija, tsono, iliponso kumene dzina lace silidziwika.

Palinso anthu ocepa amene amakana chuthi pa cifukwa cimene sangacichule kwa ofufuza. Wosunga ndalama amene wakhala akudya za m'bokosi sangalole munthu wina kukhala pa mpando wace milungu iwiri, pakuti mlendoyo adzatsegula mabuku. Mu January 2008 banki yaikulu ya ku France, Société Générale, inataya 4.9 biliyoni euro cifukwa ca malonda obisika a mnyamata wace mmodzi, Jérôme Kerviel. Iye mwini anauza apolisi kuti mu 2007 anatenga masiku anai okha a chuthi, ndi kuti cimeneci cokha cikadayenera kutsegula maso a akulu ace. Cifukwa ca zotere mabanki a maiko ambiri amakakamiza anchito ogwira ndalama kucoka masiku angapo otsatizana caka ciri conse, wina atenge makiyi. A makomiti a sukulu, a makalabu a alimi ndi a mabanki a m'mudzi angaphunzirepo kanthu: msungicuma wosafuna kupumula sayenera kungoyamikidwa, ayenera kuonedwanso mabuku. Izi sizinena kuti ali yense wosapita ku chuthi ndi mbala. Ocuruka ndi anthu okhulupirika amene ali ndi mantha cabe.

NANGA M'DZIKO LINO?

Ku Malawi lamulo lochedwa Employment Act, la caka ca 2000, likuti wogwira nchito masiku 6 pa mlungu alandire masiku 18 a chuthi colipidwa pa caka, ndipo wogwira masiku 5 alandire 15. Masiku amenewa ndi a nchito. Lamulungu siliwerengedwa, ndipo holide ya Boma ikagwa m'kati mwa chuthi, tsiku lina limaonjezedwa. Chuthico ciyenera kutengedwa isanathe miyezi 6 cifikireni nthawi yace, koma wanchito ndi womlemba angathe kugwirizana kuti masikuwo asungidwe. Nchito ikatha, masiku otsala amalipidwa ndi ndalama.

Pa nkhani ya matenda lamulo la kuno liposa la ku Japan. Munthu amene watha miyezi 12 pa nchito ali ndi milungu inai ya kudwala pa malipiro onse ndi milungu 8 pa theka la malipiro caka ciri conse, akaonetsa kalata ya ku cipatala, ndipo masiku amenewa sadulidwa pa chuthi ca pa caka. Mai woyembekezera ali ndi milungu 8 yolipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo mu 2021 abambo nawo anapatsidwa milungu iwiri mwana akabadwa. Tsono wanchito wa kuno alibe cifukwa cosungira chuthi kuopa malungo.

Koma kuno kuli zifukwa zace zace. Coyamba ndi kusadziwa. Mtsikana wolera ana ku Area 47, mnyamata wa m'munda wa maluwa ku Namiwawa, mlonda wa pa sitolo ku Mzuzu, ambiri a iwo amayesa kuti chuthi n'ca anthu obvala mataye, ndi kuti bwana akawalola kupita kumudzi wawacitira cifundo. Lamulo silinapatule anchito a pa nyumba. Caciwiri ndi mantha a mpando. Pamene ofuna nchito aima pa geti m'mawa uli wonse, mlonda amadziwa kuti wogwirizira wace angathe kukondedwa ndi bwana, kapena kubvomera malipiro ocepa, ndipo iye pobwera adzapeza yunifolomu yace yabvalidwa.

Cina n'cimene anthu a kumudzi ayenera kucimva bwino, pakuti ciwakhudza. Kwa wanchito wa m'tauni, kupita kwao si kupumula kokha. Ndi ulendo wa ndalama. Pali basi ya iye, mkazi ndi ana, kupita ndi kubwera. Ndiye sangafike cimanjamanja: shuga, sopo, mcere, citenje ca mai, fetereza wa atate, fizi ya mphwace, ndi kakuti-kakuti ka ali yense wobwera kudzapereka moni. Malipiro a mwezi umodzi sakwanira, ndipo mnyamata wamanyazi amasankha kutumiza ndalama pa foni ndi kunena kuti bwana wakaniza livi. Makolo amadandaula kuti mwana anawaiwala, osadziwa kuti cimene cimamletsa ndi mulu wa zopempha umene umamdikira pa khomo. Ena amasungira masiku ao maliro, popeza maliro sapangana ndi munthu, ndipo wosaoneka pa maliro a kwao amanenedwa zaka zambiri. Enanso amatenga chuthi ndithu, koma mu December, kuti akabzale ndi kupalira, nabwerera ku nchito atatopa kuposa m'mene anacokera.

Aphunzitsi ali ndi mwai umene anchito ena alibe, pakuti sukulu ikatseka onse amapumula pamodzi monga a ku Japan pa Obon, ndipo palibe wopepesa kwa mnzace. Iwowa ndiwonso amene anthu a m'mudzi amawafunsa za malamulo ndi kuwapempha kulemba makalata. Wanchito wofuna chuthi acita bwino kupempha ndi kalata, mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane, kuti womlemba apeze wogwirizira, ndipo asunge cifaniziro ca kalatayo. Ngati agwirizana kuti masiku asungidwe kufikira caka camawa, cipanganoco cilembedwe, ciwerengero ca masiku cioneke, ndipo onse awiri asaine. Wokanizidwa chuthi caka ndi caka, kapena wocotsedwa nchito osalipidwa masiku ace otsala, angathe kukadandaula ku ofesi ya Labour ya m'boma lace, ndipo zikakanika kumeneko mlandu umapita ku bwalo la milandu ya anchito, la Industrial Relations Court. Ku malo onse awiriwa adzamfunsa tsiku limene anayamba nchito, masiku amene anatengapo kale, ndi makalata amene ali nao.